Vavu Yaikulu, Mphamvu Zambiri? Mkangano wa Okonza Mahedi a Galimoto

Injini ya petulo imasauka ndi chinthu chimodzi kuposa china chilichonse, ndicho mpweya. Petulo savuta: mukasintha majeti a kabuleta kapena kuuza kompyuta ya galimoto, amathiridwa wochuluka mmene mwafunira. Koma kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti ipse bwinobwino, ndipo mu injini yopanda turbo palibe chokankhira mpweyawo mkati koposa kulemera kwa mlengalenga basi. Pisitoni ikatsika imasiya malo, mpweya n'kuthamangira kukadzaza. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, vavu iliyonse imatseguka ndi kutseka ka 50 pa sekondi, ndipo nthawi imene mpweya wapatsidwa kuti ulowe siikwana n'komwe gawo limodzi la magawo 100 a sekondi. Pamenepa ndi pamene pagona mkangano wakalekale wa anthu owonjezera mphamvu m'mainjini. Ena amati kulitsani vavu, mpweya ulowa wambiri, mphamvu zikwera. Ena amati mwangotaya ndalama, mwinanso mwapha hedi yabwinobwino. Mbali zonse ziwiri zili ndi mainjini enieni oti aloze, n'chifukwa chake nkhaniyi siitha msanga.

Okonda vavu yaikulu amayamba ndi masamu, ndipo masamu awo ndi oona. Vavu ikanyamuka pa siti yake, mpweya umadutsa pa mpata wozungulira m'mphepete mwake. Kukula kwa mpatawo kumadalira zinthu ziwiri: utali wa mphepete mwa vavu ndi mmene yanyamukira. Tengani hedi ya Mini ya 1275cc, injini ya A-series ya ku Britain imene inayamba kupangidwa mu 1951 n'kudzalowa mu Mini mu 1959. Vavu yake yolowetsa mpweya ndi ya mamilimita 33.3. Mukaikamo ya mamilimita 35.7, mphepete imatalika ndi 7 peresenti, ndipo nkhope yonse ya vavu imakula ndi pafupifupi 15 peresenti. Phindu limeneli limayamba pomwe vavu yangosuntha, lipitirira mpaka itatseka. Ndipo vavu sikhala nthawi yaitali itatseguka yonse; nthawi yambiri imakhala ili pa ulendo, ikunyamuka kapena ikubwerera. Pa nthawi imeneyo chimene chikutsekereza mpweya ndi vavu yomweyo, osati china. Ndiye mukaikulitsa mwamasula pamene panali pomanga.

Amalozanso zimene mafakitale anachita okha. Kampani yopanga Mini, BMC, itafuna Mini yampikisano, Cooper S, inaika mavavu aakulu, ndipo galimotoyi inapambana Monte Carlo Rally mu 1964, 1965 ndi 1967. MG Metro ya 1982 inatenga vavu ya mamilimita 35.7 ija n'kutulutsa 72 horsepower pamene Metro wamba ya injini yofanana kukula inkatulutsa cha m'ma 60. Ku America, Chevrolet inkaika mavavu a mainchesi 1.94 ndi 1.50 m'mainjini ambiri a V8, koma m'mainjini ake aukali inkaika a 2.02 ndi 1.60. Chrysler inapita patali zedi: hedi ya 426 Hemi inapangidwa ngati mbale yovundikira n'cholinga choti mavavu a mainchesi 2.25 ndi 1.94 akwane atapendekeka, wina uku wina uko. Mu 1964 magalimoto a Plymouth okhala ndi injiniyi anatenga malo atatu oyamba pa Daytona 500, Richard Petty ali patsogolo, ndipo chaka chotsatira bungwe loyendetsa mpikisanowo, NASCAR, linailetsa. Munthu angauze bwanji anthu amene anaona zimenezi kuti kukula kwa vavu kulibe ntchito?

Mfundo yawo yolimba kuposa zonse inachokera ku yunivesite ya MIT, kumene Charles Fayette Taylor ndi anzake anayeza mainjini ambiri n'kupeza kuti liwiro la mpweya pa vavu lili ndi malire. Pa muyezo wawo, liwirolo likadutsa pafupifupi 0.6 ya liwiro la phokoso, silinda imayamba kulephera kudzaza, ndipo imalephera mwachangu. Izi zikutanthauza kuti aliyense amene wakulitsa silinda, kapena kutalikitsa ulendo wa pisitoni, kapena kuika kamushafuti yoti injini izizungulira kwambiri, akuyandikira malire amenewo. Akafika pamenepo, angasalalitse njira ya mpweya mpaka iwale, mphamvu siziwonjezeka. Chotsala n'kukulitsa vavu. Ine mfundo imeneyi ndimaivomereza ndi manja awiri, ndipo aliyense wotsutsa mavavu aakulu ayenera kuyamba wakumana nayo.

Komabe otsutsa ali ndi zambiri zonena, ndipo zawo sizioneka papepala, zimaoneka hedi ili pa benchi. Itembenuzeni chagada, muchotse sipuling'i, mukankhe vavu ndi chala kuchokera kunsi kuti inyamuke mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Tsopano yang'anani mpata wozungulira uja. Kumbali yoyang'ana pakati pa silinda mpata uli poyera, chala chikhoza kulowa. Kumbali ya khoma mpata watsala ngati kachikhadabo, mwina ndodo ya machesi siingadutse. Masamu aja anawerenga mphepete yonse ngati yotseguka, koma mpweya sudziwa masamu. Umadutsa kumene kuli malo, kwinako umangoti pang'ono. Mukaikamo vavu yokulirapo, mphepete yatalika, inde, koma mwaisendezanso kufupi ndi khoma. Zimene mwapeza mbali imodzi mwazitaya mbali ina. Nthawi zina mumataya zambiri kuposa zimene mwapeza.

Chevrolet yomwe ija imapereka chitsanzo chooneka bwino. Injini ya 350 ili ndi silinda ya mamilimita 101.6 m'mimba mwake, pamene ya 305 ili ndi 94.9. Mavavu a 2.02 ndi 1.60 akaikidwa pamodzi amatenga pafupifupi mamilimita 92. Mu 350 amapuma. Mu 305 atsala ndi mamilimita osakwana atatu oti agawane pakati pawo ndi makoma awiri, moti vavu yolowetsa mpweya imatsegukira pakhoma penipeni la silinda. Hedi yomweyo, mavavu omwewo, koma pa buloko ina n'chida, pa ina n'chipsinjo. Ndipo tikabwerera ku Hemi, chinsinsi chake sichinali kukula kwa vavu kokha. Popeza mavavu ake ndi opendekeka, akamatseguka amalowera pakati pa silinda, kuthawa khoma. Chrysler inayamba yapeza malo, kenako n'kukulitsa vavu. Ambiri amene amatengera chitsanzochi amayamba ndi vavu, malo alibe.

Vuto lachiwiri lili kuseri kwa vavu. Lowetsani chala pa siti, mupapase kukhosi kwa njira ya mpweya. Pa hedi zambiri za kufakitale mumamva kampanda kakuthwa pamene makina odula siti anasiyira, ndipo kutsogolo pang'ono pali chotupa cha gayidi ndi ngodya yakuthwa pamene njira ikukhotera pansi. Akatswiri amadula khosi limeneli kuti likhale pakati pa 85 ndi 90 peresenti ya kukula kwa vavu. Munthu akangodula siti yaikulu n'kuikamo vavu yatsopano khosi osalikhudza, wachita ngati mpingo umene wakulitsa chitseko cha tchalitchi koma kakhonde kolowera pachitsekopo kali kopanikiza monga kale: anthu alowabe mmodzimmodzi. Choipa n'chakuti vavu yaikulu ija tsopano yasanduka chotchinga chachikulu chimene mpweya uyenera kuzungulira. Vavu ikanyamuka kufika gawo limodzi la magawo anayi a kukula kwake, mpata wozungulira umakhala utafanana ndi nkhope yonse ya vavu, ndipo kuchokera pamenepo wolamula ndi khosi ndi njira. Hedi ya A-series pankhaniyi ndi yovuta mwapadera, chifukwa masilinda anayi amagawana njira ziwiri zokha zolowetsera mpweya ndi zitatu zotulutsira utsi. David Vizard, amene analemba buku lodziwika bwino la kakonzedwe ka injini imeneyi, anathera zaka zambiri akuyeza mahedi, ndipo ntchito yake yaikulu inali pa kaumbidwe ka khosi, ka siti ndi ka khoma lozungulira vavu.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaona kuti anthu ambiri saimvetsa, ndipo ndi imene imapweteka madalaivala pamsewu. Mpweya uli ndi kulemera, ndipo chinthu cholemera chikathamanga sichiima msanga. Opanga kamushafuti amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake vavu yolowetsa mpweya siitseka pisitoni ikangofika pansi. Imakhalabe yotseguka madigiri 40, 60, ngakhale 70 pisitoni itayamba kale kukwera, kuti mpweya umene uli pa liwiro upitirize kudzikanikiza mkati. Koma mpweyawo ukakhala waulesi chifukwa njira ndi vavu zakula mopitirira, pisitoni yokwera ija imaubweza kunja kudzera pomwe unalowera. Petulo nayenso amafuna mpweya wothamanga kuti akhale ngati nkhungu; mpweya ukachedwa amagwa n'kumayenderera m'makoma a njira. Zotsatira zake dalaivala amazimva m'phazi: galimoto yozizira ponyamuka, yofuna kutsitsa giya pa kaphiri kalikonse, yodzuka pokhapokha singano itakwera kwambiri. Pa bwalo la mpikisano zimenezi zikhoza kupiririka. Mu mzinda, ndi katundu kumbuyo, ndi chizunzo.

Ford inaphunzira zimenezi poyera. Mustang Boss 302 ya 1969 inatuluka ndi vavu yolowetsa mpweya ya mainchesi 2.23, yaikulu zedi pa injini ya malita 4.9, pamodzi ndi njira zazikulu zofanana nayo. Injiniyi inkalusa ikakwera, koma pansi inali yofooka. Mu 1970 Ford inachepetsa vavuyo kufika 2.19, mphamvu yolembedwa inakhalabe 290 horsepower, ndipo chaka chomwecho Mustang inatenga mpikisano wa Trans-Am, Parnelli Jones akuyendetsa. Sindikunena kuti vavu yokha ndiyo inapambanitsa, ayi, koma fakitale imene inali ndi ndalama ndi zida zoyezera inaona kuti inapitirira muyezo ndipo inabwerera m'mbuyo. General Motors nayo inadabwitsa anthu mu 1996 ndi hedi ya Vortec, yopangidwira mapikapu ndi magalimoto onyamula katundu. Mavavu ake ndi aang'ono aja, 1.94 ndi 1.50, koma chifukwa cha kaumbidwe ka njira ndi ka chipinda choyakira moto, imalowetsa mpweya wambiri kuposa mahedi akale otchuka a 2.02. Anthu ambiri anavula mahedi a mavavu aakulu n'kuvala a papikapu, mphamvu n'kukwera.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi Toyota 4A-GE, injini ya 1587cc imene inatuluka mu 1983 ndipo inayenda m'ma Corolla ndi ma Conquest ambiri a ku South Africa. Mtundu wake woyamba unali ndi njira zazikulu kwambiri moti Toyota inachita kuika timavavu tina m'manifolodi, totchedwa T-VIS, totseka theka la njira injini ikamazungulira pang'onopang'ono, n'cholinga choti mpweya uthamange. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Toyota inachepetsa njirazo, inachotsa T-VIS, mavavu n'kuwasiya mmene analili, ndipo injini inatulutsa mphamvu zambiri kuposa kale. Kunena chilungamo, kompuleshoni inakweranso kuchoka pa 9.4 kufika 10.3, choncho phindu lonse silingapatsidwe kwa njira zazing'ono. Chilungamo chomwecho chiyenera kugwiranso ntchito pa MG Metro ija: pamodzi ndi vavu yaikulu inalandiranso kamushafuti ina ndi kompuleshoni yokwera. Apa ndi pamene umboni wa mbali zonse umafookera. Anthu sasintha vavu yokha kawirikawiri. Amatsegula hedi, kuisikima, kudula masiti atsopano, kusalalitsa njira, kuika kamu ndi ekizozi, kenako galimoto ikathamanga amayamikira chinthu chimene maso akuona, ndicho vavu yonyezimira.

Palinso mitengo ina imene imalipidwa mwakachetechete. Vavu yaikulu ndi yolemera, ndipo yolemera imafuna sipuling'i yolimba kuti ibwerere pa nthawi yake. Sipuling'i yolimba imadya kamu ndi zonse zoikankha. Ikalephera kubwerera msanga imakumana ndi pisitoni, ndipo mapeto ake ndi vavu yopindika kapena injini yophwasuka. Vavu ya utsi imatentha kufika madigiri 700 kapena 800, ndipo kutentha kwake kochuluka kumathawira mu hedi kudzera pa siti. Mukakulitsa mavavu onse awiri, kachitsulo kolekanitsa masiti kamapyapyala, kutentha n'kuunjikana pamenepo. Eni ake a Cooper S zakale amaudziwa bwino mng'alu umenewu. M'silinda ya mamilimita 70.6, mavavu a 35.7 ndi 31 ankasiya kamlatho kochepa kwambiri, mahedi ankang'aluka pakati pa mavavu, ndipo pambuyo pake fakitale inachepetsa vavu ya utsi. Kuchepetsako sikunali kutaya kwenikweni, chifukwa utsi umatuluka wokha ndi mphamvu ya moto, pamene mpweya wolowa umachita kunyengereredwa. N'chifukwa chake vavu ya utsi imakhala yocheperapo m'mainjini pafupifupi onse.

Okonda vavu yaikulu ali ndi yankho, ndipo ndi yankho labwino. Amati zonse zimene mwatchulazi ndi zolakwa za ntchito, osati za vavu. Khoma likatsekereza, lisemeni. Khosi likapanikiza, litseguleni. Vavu ikalemera, gulani ya tsinde lopyapyala kapena ya titanium. Hedi ziwiri zikakonzedwa ndi katswiri mmodzi mofanana, ndipo silinda ili ndi malo, ya vavu yokulirapo imapambana pamwamba. Injini za 4A-GE zimene zinkathamanga mu Formula Atlantic ku America zinkatulutsa cha m'ma 240 horsepower pozungulira pafupifupi ka 10,000 pa mphindi, ndipo zinali ndi mavavu okulirapo kuposa a mumsewu. Izi n'zoona. Koma tamvani zimene avomereza poyankha choncho: kuti vavu yaikulu imagwira ntchito pokhapokha zina zonse zitakonzedwa kuti ziilandire, ndiponso injini ikamakhala kumtunda kumene mpweya ukuperewera. Kusema khoma nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa chitsulo chilichonse chochotsedwa m'chipinda choyakira moto chimatsitsa kompuleshoni, imene muyenera kukaibwezanso posikima hedi kapena kusintha mapisitoni.

Opanga mainjini anauthetsa mkanganowu m'njira ina. Vavu imodzi ya mamilimita 42.4 ili ndi nkhope yofanana ndi mavavu awiri a mamilimita 30. Koma mphepete ya imodziyo ndi mamilimita 133, pamene awiriwo pamodzi ali ndi 188. Ndiye kuti akangonyamuka pang'ono, awiri aang'ono atsegula mpata woposa ndi 41 peresenti, chikhalirecho aliyense ndi wopepuka ndipo savuta kumubweza. Peugeot inagwiritsa ntchito mavavu anayi pa silinda m'galimoto yake yampikisano mu 1912, koma amene anaonetsa dziko mmene ziyenera kukhalira ndi Keith Duckworth ndi Cosworth DFV, imene inapambana mpikisano wake woyamba ku Zandvoort mu 1967 Jim Clark ali mu Lotus 49, ndipo inadzapambana ma Grand Prix 155. Ena anafuna kupitirira. Yamaha inaika mavavu asanu pa njinga yamoto ya FZ750 mu 1985, Toyota inachitanso chimodzimodzi pa 4A-GE mu 1991, Audi ndi Ferrari nawonso. Koma mavavu atatu olowetsa mpweya atathithikana amayamba kutsekerezana okhaokha, ndipo chipinda choyakira moto chimavuta kuumba. Yamaha inabwerera ku anayi pa R1 ya 2007, Ferrari pa F430, Audi itayamba kuthira petulo mwachindunji m'silinda. Ngakhale kuchulukitsa mpata kuli ndi pothera.

Izi zikukhudza ife mwachindunji, chifukwa ma Corolla, ma Vitz ndi ma Sienta ochokera ku Japan amene adzaza misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka pafupifupi onse ali ndi mavavu anayi pa silinda. Hedi zotere zimatuluka kufakitale zili ndi mpata wokwanira mphamvu zoposa zimene injiniyo imatulutsa. Chimene chikuzimanga ndi kamushafuti yofatsa, ekizozi yopanikiza ndi malamulo a kompyuta. Mwini galimoto yotere akauzidwa kuti agule mavavu aakulu, ine ndimamva chisoni ndi ndalama zake.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena mosabisa: vavu yaikulu imawonjezera mphamvu, koma kwa anthu ochepa kuposa amene amaigula. Imapindulitsa pa hedi ya mavavu awiri pa silinda, imene silinda yake yakulitsidwa kapena ikuzungulira kwambiri kuposa mmene opanga anaganizira, ndiponso ili ndi malo pakati pa vavu ndi khoma. Mini ya 1275cc yoboolezedwa kufika 1380cc, yokhala ndi kamu yaukali, ikufunadi vavu ya 35.7, mwinanso yoposa. Mini ya 998cc, ya silinda ya mamilimita 64.6, ikavala hedi ya 1275 pamafunika kusema buloko kuti mavavu a utsi asagunde, ndipo mwini wake ayenera kudziwa chimene akulowamo. Kwa ena onse, ntchito yoyamba ndi yosaoneka ndi maso: kudula siti ya ngodya zitatu, madigiri 30, 45 ndi 60, kudula kangodya kena kuseri kwa vavu, kuchotsa kampanda ka kukhosi ndi kuzungulitsa ngodya yakuthwa ija. Ntchito imeneyi ndi yotchipa poyerekeza, siichepetsa liwiro la mpweya, ndipo pa hedi zambiri imabweretsa gawo lalikulu la phindu limene anthu amayembekezera kwa vavu yaikulu.

Amene ali ndi flow bench, chida choyezera mpweya wodutsa mu hedi, ayeze hedi asanaikhudze, pa muyezo wofala wa mainchesi 28 a madzi, ndipo ayeze pa kanyamukidwe kalikonse, osati pamwamba pokha, chifukwa nambala yapamwamba ndi imene imagulitsa mahedi pamene nambala zapakati ndi zimene zimayendetsa galimoto. Akadula silinda imodzi ayezenso asanapite ku zinazo. Amene alibe chida chimenechi, ndipo magalaja ambiri alibe, asamangire injini ya mavavu aakulu pa chikhulupiriro. Aike hedi pa buloko yopanda mapisitoni, asuzumire kuchokera pansi aone mmene vavu ikudutsira pakhoma. Kenako amate dongo lofewa pamwamba pa pisitoni, amange hedi ndi gasiketi yake, azungulitse injini ndi dzanja kawiri, amasule, adule dongolo ndi mpeni n'kuyeza pamene vavu yaponda. Likakhala lopyapyala kuposa mamilimita awiri kumbali ya mpweya, kapena awiri ndi theka kumbali ya utsi, pisitoni iyenera kusemedwa injini isanalizidwe.